Kuseka Kochedwa kwa a Magdalene

A Ackim a ku Chinyonga sukulu anailekezera ku pulayimale. Chingerezi chawo n'chongopemphera madzi, Chitchaina ndi Chimwenye ndiye musanene n'komwe. Komatu kwa zaka zoposa makumi awiri ndi iwowa amene ankauza anthu a ku Limbe zimene azungu, Matchaina ndi Amwenye akunena m'mafilimu. Ngati mumzinda muno munakhalapo munthu wonama dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kumamuwombera m'manja, ndi bambo ameneyu.

Vidiyo sho yawo inali kumunsi kwa msika wa Limbe: chisakasa cha malata otha, mabenchi a matabwa, tivi ili pamwamba pa kabati, pakhomo chinsalu chakuda chotchinga kuwala. Mavidiyo sho analipo ambiri masiku amenewo, koma kwinako munthu unkangoonera zibakera osadziwa chimene akumenyeranacho. Kwa a Ackim kunali maiki. Iwo ankakhala pambali pa tivi, n'kutsitsa mawu a filimu, n'kuikapo awo.

Ntchitoyi inali ndi kagwiridwe kake. Tepi yatsopano ikabwera, ankayamba aionera m'mawa ali okha, mawu atatseka. Ankati mawu amasokoneza. Iwo ankayang'ana miyendo, manja ndi maso a munthu: uyu akubisa kanthu, uyu sanadye, uyu amaopa mkazi wake. Akatero aliyense ankam'patsa dzina la kwathu kuno ndi dera lake. Wolemera wa suti yoyera ankasanduka mwini holoselo wa ku Limbe. Mayi wolongolola ankasanduka landilodi wa ku Kachere. Magalimoto akamathamangitsana m'mizinda ya kutsidya kwa nyanja, a Ackim ankafuula kuti, "Eya, wakhotera ku Bangwe tsopano, matayala awone okha!" Anthu ankachita kugwa m'mabenchi.

Mafilimu amene a Ackim ankawakonda kwambiri anali a nthabwala za m'banja. Mmenemo munali chakudya chawo: mkamwini wabisala pansi pa bedi, apongozi akhala pamwamba pake, bambo wabisa botolo m'thumba la ufa, mayi akubwera ndi lichero, mwana waswa mbale ya alendo ndiye akuimata ndi phala. Zinthu zooneka ndi maso, zoti ngakhale munthu wosamva atha kuseka. A Ackim ankangothirako mchere.

Koma kuseka kumene iwo ankadikira sikunali kwa m'mabenchi ayi. Kunja kwa chinsalu chija, pa kampando, pankakhala akazi awo, a Magdalene, amene ankalowetsa anthu ndi kugulitsa zitumbuwa. Mayi ameneyu anali ndi kaseko kake kochedwa. Gulu lonse likaseka n'kumaliza, bata litabwerera, m'pamene kunja kunkamveka mbama ya pantchafu, kenako kuseka kwa munthu mmodzi, kotalika, kochokera pansi pa mimba, kothera m'chifuwa. Akapezanso mpweya ankati, "Bambo a Cathy inu, bodza limeneli mudzapsa nalo!" Ndiye gulu lija linkayambiranso. Nthabwala imene a Magdalene sanaiseke, a Ackim sankaibwerezanso mawa lake, ngakhale mabenchi atagwedezeka bwanji.

Anthu ankaganiza kuti kunyumba kwa banja limeneli nthiti zimapweteka tsiku ndi tsiku. Ayi ndithu. Tivi ikazima, a Ackim nawonso ankazima. Pakhomo anali munthu wa mawu owerengeka: madzi osamba, ndiwo zakoma, tseka chitseko. Wolankhula anali mayi. A Ackim ankati pakamwa pawo pamafuna chithunzi, ngati mmene mbaula imafunira makala.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono, monga zimachitira. Matepi anatha, kunabwera madisiki. Madisiki anatha, kunabwera anyamata okopera mafilimu m'mafoni. Aliyense anayamba kuseka yekha atawerama, timawaya tili m'makutu. Mabenchi anayamba kuoneka matabwa ake. Lero pamalo paja pali kashopu ka matchaja ndi zikuto za mafoni, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti pamenepo anthu ankalira ndi kuseka. A Ackim anabwerera ku Chinyonga, n'kuyamba kugulitsa makala pakhomo. Maiki anaikulunga m'nsalu n'kuiika pamwamba pa wadilopu.

Chaka chathachi, m'mawa wina, a Magdalene anagwa akuyanika zovala. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anapita. Atatuluka m'chipatala, mwana wawo mmodzi yekhayo, Cathy, amene amagwira ntchito ku banki m'tauni, anawatengera kwake ku Namiwawa. Zinali zomveka: kumeneko chimbudzi chili m'nyumba, pansi n'posalala moti mpando wa matayala umayenda, galimoto yopitira ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo, ilipo, wantchito alipo. Cathy ndi mwamuna wake Marvin anapempha a Ackim kuti nawonso asamukire komweko, koma anakana. Anati nyumba ya ku Chinyonga ikagona yopanda munthu adzapeza atazula ndi mafelemu omwe. Choncho tsiku lililonse ankatseka makala awo, n'kutsikira ku msewu waukulu, n'kukwera minibasi ya ku Blantyre, kwotsalako n'kuyenda pansi.

Chimene ankayendera mtunda wonsewo chinali chimodzi. Zoti mayi adzayendanso, anali atataya kale mtima. Kulankhula, adokotala anati mwina. Koma chigwereni a Magdalene anali asanasekepo, ndipo a Ackim ankafuna kumva kuseka kuja, ngakhale kamodzi kokha, kuti adziwe kuti m'thupi lopotokalo akazi awo akadalimo.

Mayi wa mafizo anali atalangiza kuti wodwalayo asamangokhala duu, azisangalala. Cathy anakumbukira ubwana wake, mmene amayi ake ankasekera pa vidiyo sho paja, ndiye anati mankhwala awadziwa. Analembetsa pa intaneti kumalo kuja kolipira mwezi ndi mwezi, kumene mafilimu satha, n'kupeza gawo la nthabwala za banja lonse. M'mawa asanapite kuntchito ankakankhira mpando wa amayi ake kutsogolo kwa tivi yaikulu ngati chitseko, n'kudina limoti. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, mwana yuja, palibe angamunene.

Koma mafilimu ake, abale! Pamakhala nyumba yaikulu, khitchini yoti mutha kuchitiramo mwambo wa chinkhoswe, filiji yodzaza mpaka kuchitseko. Bambo amalowa, n'kuima. Mayi amalowa, n'kuima. Mwana amatsika pa masitepe, n'kunena mawu awiri, pomwepo gulu la anthu osaoneka limaseka. Anthu amenewa sadziwika kumene amakhala, koma satopa. Munthu akatsegula chitseko amaseka, akakhala pansi amaseka, akayetsemula ndiye amachita kuwomba m'manja. Bambo wa m'nyumbamo nthawi zonse ndi chitsiru, ana amamuyankha ngati mnzawo wa ku mpira, iye n'kumangomwetulira. Palibe amene ali ndi njala, palibe amene akuthawa landilodi, palibe wobisa kanthu pansi pa bedi. Filimu ikamatha onse amakumbatirana n'kupepesana, ina n'kuyamba yokha popanda woiuza, nkhope zina, khitchini yomweyo.

A Ackim zinkawapsetsa mtima. Sikuti mwano wa anawo ndiwo unkawawawa kwambiri, koma ulesi wake.

"Kodi akusekawo ali kuti?" anafunsa Cathy tsiku lina atabwera kuntchito.

"Ndi mmene amapangira, adadi. Kusekako amajambuliratu."

"Ndiye akasekeratu iwo, ife tiseka chiyani?"

"Inu simukumva chabe Chingerezi chake. Zimakhala zoseketsa ndithu."

"Nanga iwe bwanji sukuseka?"

Cathy anati watopa, n'kulowa kuchipinda kukavula nsapato. A Magdalene anali pomwepo, maso ali pa tivi, dovu likutsikira pa kathawulo ka pachifuwa. Kuwala kwa tiviyo kunkasinthasintha pankhope pawo, koma nkhopeyo sinkasintha. A Ackim anawapukuta pakamwa. Ankamva chisoni chosowa pochitula, ndiponso manyazi, kuti munthu amene anaseketsa Limbe yense akukhala chete pafupi ndi mkazi wake, makina akumusekera.

M'mawa wina anakwera minibasi ya Dauda, dalaivala wa ndevu zake amene ali mnyamata ankathawa ku madarasa n'kudzabisala pa benchi ya kumbuyo. Dauda atawaona pa siteji anatsitsa munthu pampando wa kutsogolo kuti akhalepo iwo.

"Madala a Ackim! Bwanji amayi?"

"Alipo. Akungoonera mafilimu."

"Insha Allah achira. Ee, koma mayi aja! Mukudziwa, madala, ife timaseka kawiri. Koyamba za inu, kachiwiri iwo akayamba panja paja. Mpaka timauzana kuti dikirani, sanaseke." Dauda analiza hutala, n'kupyoza pakati pa magalimoto awiri. "Chimene chimandidabwitsa ine, filimuyo iwo samaiona n'komwe. Anali kuseri kwa chinsalu. Ndiye amaseka chiyani?"

A Ackim anangoyang'ana kutsogolo mpaka kukafika m'tauni, ndipo anatsika osatsanzika bwinobwino. Zaka zonse zija iwo ankadziwa kumene akazi awo ankakhala, ndi iwo amene anakhoma kampando kaja, koma anali asanaganizepo. A Magdalene sanaonerepo filimu ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto. Mkamwini wa pansi pa bedi uja sanamuonepo. Ankamumva m'mawu a amuna awo, n'kumujambula okha m'mutu, n'chifukwa chake ankachedwa. Ndiye Cathy, ndi a Ackim omwe, anali atamukhazika munthu miyezi yonseyi kutsogolo kwa chinthu chimene sanachikondepo.

Tsiku limenelo anakwera mtunda wa ku Namiwawa ngati mnyamata. Anapempha wantchito kuti awaonetse podina potseka mawu ndi posinthira filimu. Sabata yonseyo, mayi akagona masana, iwo ankachita monga kale: kuonera okha, mawu atatseka, kufufuza miyendo, manja ndi maso. Apa m'pamene anaona kukula kwa vuto. Ukawatseka pakamwa anthu a m'mafilimu amenewa, sipatsala kanthu. Anthu ovala bwino aima m'khitchini, milomo ikuyenda. Wina wakweza nsidze. Wina wapinda manja. Nthawi ndi nthawi onse amaima kaye osachita kanthu, ndipo a Ackim anazindikira kuti pamenepo akudikira anthu osaoneka aja kuti amalize kuseka. Anasintha filimu, anasinthanso, mpaka chala chinatopa. Pomaliza anasankha ina imene pachithunzi chake panali bambo akulendewera pa makwerero. Anati bola pamenepo munthu agwa.

Loweruka anabwera atavala jekete yawo ya kutchalitchi, m'chikwama muli maiki ija. Waya wake makoswe anali atadya kalekale, ndipo panalibe poilumikiza, koma dzanja linkaifuna. Marvin anali panja akutsuka galimoto, Cathy ali kukhitchini. A Ackim anatembenuza mpando wa akazi awo kuti uyang'ane ku windo, tivi ikhale kumbuyo, monga zinalili pa chinsalu paja. Iwo anakoka mpando n'kukhala pambali pa tivi. Anatseka mawu, anatsokomola, n'kukweza maiki.

"Tayambapo, tayambapo! Okhala kutsogolo tsitsani mitu!" Mawu anatuluka aakulu moti anadzidzimuka okha. "Awa mukuwaonawa ndi a Pearson a ku Kanjedza, munthu wamkulu, mwini nyumba. Alowa m'khitchini. Aima. Eya, a Pearson aima ndithu. Akuganiza. Atsegula filiji."

Anadikira kuti mwina mufilijimo mutuluka kanthu. Simunatuluke kanthu.

"Atseka filiji. Awa akubwerawa ndi akazi awo. Nawonso aima. Akukambirana za... za ndiwo. Akuti ndiwo zakwera ku Limbe." Anayang'ana patebulo la m'filimumo, nyama ili mulu, palibe akuikhudza. Bodzalo linakana kukhala. "Uyu ndi mwana wawo. Akuwayankha bambo ake. Taonani mmene akuwayang'anira! Dikirani muone zimene amuchite a Pearson. Dikirani. Akuvula lamba tsopano..."

A Pearson sanavule lamba. Anamwetulira, n'kukweza mapewa, n'kukhala pansi. Makwerero aja sanaoneke. A Ackim anapitiriza, thukuta likutsika m'khosi mwa jekete, akutola apa ndi apo. Anatchula Bangwe, anatchula landilodi wa ku Kachere, anabwereza nthabwala zakale zimene zinalibe pokhala m'khitchini imeneyo. Ankadzimva okha kuti akupempha. Kumpando kuja ankangoona msana ndi duku, zili phee.

Kenako chithunzi chinaima. Netiweki inali itadula. A Pearson anauma pakamwa pali yasa, ndipo pakati pa tivi panabwera kamkombero kaja kozungulirazungulira. M'nyumba munangoti zii. Kunja kunkamveka madzi a paipi akumenya galimoto.

Pamenepo duku lija linagwedezeka. Pang'onopang'ono, movutika, a Magdalene anatembenuza khosi. Chigwereni anali asanatembenukirepo munthu mwa iwo okha. Anapotoza mutu mpaka diso lawo labwino lija linawapeza amuna awo, n'kukhazikika pa iwo. Silinali diso la munthu amene wapita. Linali diso limene a Ackim ankalidziwa, la munthu amene wamva chiyambi cha nkhani ndipo akudikira kuti ithe bwanji.

A Ackim anayang'ana pa tivi: kamkombero kakuzungulira. Anayang'ananso akazi awo. Nkhani anali nazo, zodzaza mutu. Tsiku lija mbuzi inalowa m'vidiyo sho filimu ya mizukwa ili mkati, anthu n'kuthyola khoma la malata. Tsiku lija iwo anapita kukafunsira atabwereka nsapato zazing'ono, n'kubwerako atazinyamula m'manja. Zonsezo ankaziona, koma zinali m'kati, ndipo iwo anali asanaphunzirepo kutulutsa nkhani ya m'kati. Moyo wawo wonse ankalankhula zimene zili pagalasi la tivi, wina atawayambira kale. Anatsegula pakamwa. Anakweza maiki, n'kuitsitsanso. Diso lija linali likudikirabe.

"Mayi a Cathy," anatero. Mawu aakulu aja anali atathawa, kunatsala a pakhomo. "Mayi a Cathy... mwadya?"

Diso lija linakhalabe pa iwo kanthawi. Kenako chikope chinatsika pang'ono, khosi n'kuyamba kubwerera.

"Yadulanso eti?" Cathy analowa akupukuta manja pa chitenje. "Netiweki ya kuno ndiye ayi. Iii, adadi, mwawatembenuziranji amami? Ndiye aziona bwanji?" Anagwira mpando uja n'kuuzunguza kuti uyang'anenso ku tivi, anatola limoti, n'kudinadina. Chithunzi chinayenda. "Mwatsekanso ndi mawu omwe! Pulizi adadi, musamaseweretse limoti."

Mawu anabwerera mwamphamvu. A Pearson anamaliza zimene ankanena, ndipo anthu osaoneka aja anaphulika. Nthawi yomweyo, limodzi nawo, pakamwa pa a Magdalene panatuluka phokoso: he, he, he. Louma, lalifupi, lochokera pammero.

Cathy anakuwa. "Aseka! Marvin! Marvin, bwera, amami aseka!" Anagwada pambali pa mpando, misozi ili mbwembwembwe, dzanja lina likufufuza foni kuti ajambule. Marvin analowa ndi mapazi onyowa. Anthu osaoneka anasekanso, ndipo a Magdalene anatulutsanso phokoso lija, kuyamba nawo limodzi, kuleka nawo limodzi, maso ali gwa pa tivi.

A Ackim sanasunthe. Ankamvetsera malo ena, pamene gulu lamaliza, bata litabwerera. Anapendeketsa mutu monga ankachitira pa kabati paja. Gulu linamaliza. Bata linabwera. Panalibe mbama ya pantchafu, ngakhale ya dzanja lamanzere limene linali lamoyo. Panalibe kanthu.

"Mwaona, adadi?" anatero Cathy akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Ndinanena ine kuti amami amakonda mafilimu. Mwamva?"

Akanamuuza chiyani mwanayo? Kuti kumeneko si kuseka kwa amayi ake? Kuti amayi akewo anabwera, anatembenuka, anadikira, ndipo bambo ake anawafunsa za chakudya? Cathy anali atadikira miyezi yonseyi ngati iwo omwe, ndipo nkhope yake inali itawala koyamba.

"Ndamva, mwanangu," anatero a Ackim.

Kavidiyo kaja kanatumizidwa kwa achibale onse ndi kwa amayi a mvano, ndipo mayankho othokoza Mulungu anabwera ambirimbiri. Kuyambira tsiku limenelo tivi ya ku Namiwawa sizima. Wantchito anauzidwa kuti limoti azisunga iye.

A Ackim amapitabe tsiku lililonse. M'minibasi amayeserera chamumtima nkhani ya mbuzi ija, milomo ikugwedera, mpaka Dauda anawafunsa ngati ayamba kupemphera panjira. Pa Chichiri nkhaniyo imakhala ili bwino, pofika m'tauni ikadalipo, koma akangolowa pabalaza paja n'kumva gulu lija likuseka, imabalalika. Amakhala pambali pa akazi awo, chikwama chili pamiyendo, n'kumapempha mumtima kuti netiweki idulenso. Marvin anaitanitsa anthu odzaikonza, ndipo masiku ano siidula. Anthu osaoneka akaseka, a Magdalene amaseka nawo. Akamaliza, a Ackim amapendeketsabe mutu, kudikira.